Mzere wa Pensulo pa Mkono wa a Chirambo

1. Kugogoda

A Amon Chirambo sankamwa tiyi asanagogode mkono wawo. M'mawa uliwonse ankakhala pa benchi lopalirapo matabwa kuseri kwa nyumba yawo ku Lupaso mu Mzuzu, n'kupinda malaya mpaka pachigongono, n'kuyamba kugogoda mkono wamanja kuchokera pa chipsera kutsikira kudzanja. Pomwe amva kunyerenyesa ngati kashoko ka magetsi ankalembapo kamzere ndi pensulo ya ukalipentala. Akatero ankapachika pensuloyo kukhutu n'kuitanitsa tiyi.

"Lero wasuntha," ankatero. Panalibe tsiku limene mzerewo sunasunthe.

Chipseracho chinabwera ndi lata. Zaka zimenezo Mzuzu ankakula ngati nthochi ya padzala. Ophunzira a ku yunivesite anachuluka kuposa malo ogona, ndipo aliyense wokhala ndi kamalo ankamangapo hositelo. A Chirambo anali kukhoma denga la hositelo ina pamene mphepo inatukula lata, latalo n'kuwadula mkono pakati pa chigongono ndi dzanja.

Kuchipatala anasoka bwino, bala linapola. Koma chala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati zinakhala ngati za munthu wina. Ankazipsereza pa ketulo osadziwa. Batani la malaya linkawatengera nthawi yaitali kuposa kukhoma chitseko.

Madokotala anawauza kuti mtsempha wonyamula mauthenga unaduka, ndipo ngakhale anaulumikiza, uyenera kumeranso wokha pang'onopang'ono kuchokera pa bala kupita ku zala. Pamene nsonga yake yafika ndi pamene pamanyerenyesa. Kugogodako anaphunzitsidwa komweko.

Ulendo womaliza wopita kukaonetsa mkono, madokotala sanakondwe. Pa chipsera panali patamera kachotupa ngati mtedza, kopweteka kukakhudza. Anati akatswiri a manja adzakhala akuona anthu ku chipatala chachikulu ku Lilongwe kwa sabata imodzi yokha, ndipo a Chirambo apite. Iwo anangoonetsa mzere wa pensulo.

"Mtsempha wanga ukuyenda. Onani nokha."

Sabata imeneyo tsopano inali yamawa.

M'nyumbamo ankakhala awiri, iwo ndi mwana wawo wamkazi, Walusungu. Mayi ake anamwalira iye ali ku pulayimale. Walusungu anali atalemba mayeso a Folomu 4 ndipo ankadikira zotsatira. Chichitikireni ngoziyo iye ndiye anali zala za bambo ake. Iye ankagwira msomali, iwo n'kumakhoma ndi dzanja lamanzere. Anaphunzira msanga kuchotsa chala pa nthawi yake.

M'mawa umenewo anabwera ndi tiyi n'kuima osauika pansi. Anayang'ana mzere, umene unali utafika pafupi ndi povalira wotchi. Anayang'ananso mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu. Unali utaphwa ngati mpira wotha mpweya.

"Adada, poyamba munkagogoda ndi pensulo."

"Pensulo imathyoka."

"Kenako munayamba kugogoda ndi mfundo ya chala. Lero ndi chigwiriro cha tchizulo. Mawa ndikubweretsereni hamala?"

"Iwe Walu, ndipatse tiyi wanga, uzipita kwa achule ako."

2. Achule a Dokotala Manda

Dokotala Winifred Manda sanali dokotala wa odwala. Anali wa mabuku, mphunzitsi wa ku yunivesite, mayi wa ku Nkhata Bay wolankhula mofulumira ngati basi ikumusiya. Atabwerako kunja kumene anakaphunzira, anapempha kachipinda kumapeto kwa khonde n'kudzazamo matanki a galasi. M'menemo ankaweta achule a m'madzi, athyathyathya aja okhala ndi zikhadabo kumiyendo yakumbuyo.

Amene anapanga mashelefu a matankiwo anali a Chirambo, ngozi isanachitike. Tsiku lokawakhoma Walusungu anawaperekeza. Chule wina anadumpha m'beseni, ophunzira awiri n'kukwera pa mipando. Walusungu anamutola ndi manja n'kumubwezera m'madzi. Dokotala Manda anangofunsa kuti mayeso amaliza liti. Ntchito inayamba choncho: kusintha madzi, kudyetsa achule, kutsuka timbale.

"Mwawuka uli, adokotala?" anatero Walusungu polowa tsiku limenelo.

"Tawuka makora. Siya chidebecho. Bwera uone chimene umatsukira timbale."

Pa kompyuta panali chithunzi choyenda. Ponse panali bii, kupatula kaulusi kowala pakati. Kunsonga kwake kunali kanthu kotambasuka ngati kadzanja, tizala take tikutuluka ndi kubwerera ngati munthu wofufuza machesi magetsi atazima.

"Iyi ndi selo imodzi ya m'diso la mbululu," anatero Dokotala Manda. "Kuti mbululu ione, selo yotere iyenera kutumiza ulusi wake mpaka ku ubongo. Ulusiwu timautcha akisoni. Mitsempha yonyamula mauthenga m'thupi ndi mitolo ya maulusi amenewa. Mwa iwe muli selo imene mutu wake uli mumsana, koma ulusi wake unakathera ku chala cha phazi. Tiyerekeze kuti selo ndi nyumba yanu ku Lupaso, nsonga yake ili ku Karonga. Ikafuna msomali, itume munthu kunyumba?"

"Ntchito ingaime."

"Ndiye itani?"

Walusungu anakanda m'mutu. "Adada akapeza ntchito ku Kaning'ina sanyamula chitseko chothaitha. Amanyamula matabwa ndi zida, n'kukapangira komweko atayeza khomo lenilenilo."

"Wakhoza. Nsonga imadzipangira komweko mapuloteni ake, omwe ndi matabwa ndi misomali ya thupi. Malangizo a kapangidwe kake imayenda nawo, pa timizere totchedwa RNA. Koma kudziwa kumanga sikokwanira. Taona timadontho iti."

M'kati mwa ulusiwo munkayenda timadontho tobiriwira. Tina tinkathamanga, tina tinkaima ngati minibasi pa siteji.

"Timeneti ndi timaRNA tating'ono zedi, dzina lake maikulo-RNA. Ntchito yake ndi kukakamira pa malangizo ena n'kunena kuti, 'Leka, usapange ichi.' Koma apa tikuyenda tisanakhwime. Tapindika pawiri, sitingaletse kanthu. Timakwera matola pa timatumba timene timayenda kale m'ulusimo, mpaka kukafika kunsonga. Tikafika timangokhala phee."

"Bwanji osangotumiza tokhwima kale?"

"Ungatenge kapitawo wokuwa kuti 'lekani' kuyambira pakhomo mpaka kuntchito? Palibe chingamangidwe. 'Leka' amafunika pamalo pake, pa nthawi yake. Kadzanja kaja kakagunda chizindikiro cha m'mnofu chonena kuti kuno si njira yako, kasizasi kokhala kunsonga komweko kamadula kopindika kaja. Pompo kakhwima. Kamaletsa kupanga puloteni ya timitengo tochirikiza nsonga, kadzanja n'kufumbata, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuyang'ana kwina. Sikadikira mawu ochokera kunyumba. Ofufuza ataletsa kudulako mwa mbululu, maulusi anakula ndithu, koma ena anasochera pofika ku ubongo, ndipo mbululuzo sizinkaona bwino."

Pa kompyuta kadzanja kaja kanafumbatadi.

"Ndiye mtsempha ungathe kukula osapita kulikonse?" anafunsa Walusungu.

"Enya. Kukula si kufika."

Apo Walusungu anafotokoza za kachotupa, za mnofu wophwa, ndi za chigwiriro cha tchizulo. Dokotala Manda anatseka kompyuta n'kuvula magalasi.

"Undimvetse bwino, chifukwa ana anzeru ngati iwe ndi amene amapweteketsa anthu. Ine sindichiza munthu. Diso la mbululu si mkono wa adada ako. Usakafike kunyumba n'kumanena kuti wapeza matenda awo pa kompyuta yanga. Timadontho iti ndi kanthu kamodzi mwa zambiri, ndipo tokha tikuphunzira kumene. Chimene ndikudziwa ndi ichi: mtsempha woduka ukalephera kupeza njira, kaya chifukwa cha chipsera cholimba m'kati, kaya mbali ziwirizo sizinakumane bwino, tinsonga take timatha kupiringizana pamalo amodzi n'kupanga kachotupa kopweteka. Ndipo mnofu ukadikira mtsempha nthawi yaitali umafika poti sungadzukenso. Amene anaugwira mkonowo ndi manja awo anena kuti apite ku Lilongwe. Mawu awo ndi olemera kuposa anga."

"Akapita afunika gadiyani. Gadiyani wake ndine."

"Ndikudziwa. Tsono umve mbali inayo. Mvula yayamba, achule aikira mazira sabata yamawa. Ndinakulonjeza kuti ndikuphunzitsa kugwira mazira ndi kukhala pa maikulosikopu wekha, ndipo amene ndimuphunzitse ndi amene akhale nane chaka chonse. Ukapita ndiphunzitsa wina. Sindingaphunzitse awiri, malo ndi amodzi. Sindikukuopseza yayi. Mazira sadikira munthu."

Walusungu anatenga chidebe chake n'kukasintha madzi a achule. Anatsuka timbale tonse, ngakhale toyera kale.

3. Ankhazi abwera ndi lumo

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, kamvula kowaza kakugwa monga mwa masiku onse. Pakhonde panali ambulera yakuda imene ankaidziwa bwino. Mwini wake anali Keziya, mlongo wamkulu wa a Chirambo, amene anthu ankamuitana kuti NyaChirambo. Kwa Walusungu anali ankhazi, kutanthauza azakhali. Ankakhala ku Katoto, ndipo ndi amene anathandiza kulera Walusungu mayi ake atamwalira.

Anawapeza mu shedi. A Chirambo ankapala thabwa ndi dzanja lamanzere. NyaChirambo anali atakhala pa chitsa, miyendo yotupa atatambasula. Pa benchi panali lumo latsopano lili m'pepala lake, ndi kabotolo ka mankhwala akuda.

"Monire, ankhazi."

"Yewo, mwana wane. Wasamba m'manja? Usandigwire ndi manja a achule."

"Lumolo ndi la chiyani?"

"Khala pansi ndikuuze, pakuti adada ako amakulekerera. Ndamva kuti ukuwavutitsa za ku Lilongwe. Iwe ukuona ngati Lilongwe ndi Katoto. Munthu akagonekedwa m'chipatala amafuna gadiyani. Gadiyani amagona pansi, amaphikira pa mafuwa a anthu ena, amachapa, amaima pakhomo la wodi kudikira kuti alowetsedwe. Ine ndinakhalapo gadiyani wa mayi ako, fungo lake ndikulidziwa. Kumalo ophikira kuja kumazungulira amuna amene ntchito yawo ndi kufunsa atsikana ngati makala akwanira. Lero makala, mawa sopo, mkuja wabwera kuno ndi mimba. Ine miyendo yangayi singandifikitse ngakhale ku depoti. Mwana wamwamuna m'nyumba muno mulibe. Ndiye apita ndi ndani? Iwe? Mwana wamkazi kusambitsa bambo ake unaziona kuti?"

"Wodwala ndi mkono, ankhazi. Miyendo ndi dzanja linalo zili bwino."

"Usandidule mawu. Mkono umenewu anausoka kale kamodzi. Nsalu yosokedwa kawiri pamalo amodzi imang'ambika. Ndiponso zitseko za hositelo izi akuzifuna ophunzira asanatsegulire. Adada ako akachoka, ntchito apatsa kalipentala wina, ndipo m'tauni muno munthu akakuiwala wakuiwala. Ine ndapita kwa munthu wodziwa mitengo ku Kaning'ina. Wati m'chotupamo mwaundana magazi oipa. Titemapo mphini zakuya, tithira mankhwala, magaziwo atuluka, zala zidzuka. Usandiyang'ane choncho. Kutchalitchi ndimapita, yunifolomu ya amayi a Umanyano ndimavala, koma mitengo anailenga ndi Chiuta yemweyo."

"Mutema pa chotupa penipenipo?"

"Nanga titeme pa phazi?"

Walusungu anayang'ana bambo ake. Iwo anapitiriza kupala, maso ali pa thabwa. Puleni inkayenda mokhotakhota chifukwa dzanja lamanja linkangoitsatira pamwamba, osaigwira.

"Wati ziyenera kutemedwa m'mawa munthu asanadye kanthu," anapitiriza NyaChirambo. "Ndibwera kukangocha."

4. Sikweya

Walusungu anaimirira n'kupita pa benchi.

"Adada, ndikupempha chinthu chimodzi. Mundibwereke mkono ndi pensulo."

"Achule akuphunzitsa udokotala?"

"Yayi. Uwu ndi ukalipentala. Inu mumati chiyani munthu akayeza thabwa ndi sikweya n'kupeza kuti lakhota?"

Anayankha ndi NyaChirambo, amene mawuwo anawamva kuyambira ali mtsikana. "Amati usamenye sikweya kuti igwirizane ndi thabwa. Anatengera kwa adada athu."

"Yewo, ankhazi."

A Chirambo anaika puleni pansi. Anapinda malaya n'kugoneka mkono pa benchi. Walusungu anachotsa pensulo kukhutu kwawo, n'kuwatsitsira chipewa kumaso kuti asaone.

"Mukamva shoko munene."

Anagogoda pang'ono ndi kumbuyo kwa pensulo, monga anachitira madokotala, pa mzere wa m'mawa uja.

"Wayamba?" anafunsa a Chirambo.

Walusungu anakwera m'mwamba pang'ono n'kugogodanso. Palibe. Anakweranso, kudutsa timizere takale timene tinali tisanafufutike bwino. Mkono unangokhala chete ngati thabwa. Pensulo itangokhudza kachotupa ka pa chipsera, a Chirambo anadzidzimuka n'kukoka mkono, chipewa n'kugwa.

"Ndi apo," anatero Walusungu. "Mtsempha sunachokepo."

"Sunagogode mokwanira."

Walusungu anatenga tchizulo n'kumenya ndi chigwiriro pa mzere uja monga ankachitira iwo. Mkono wonse unagwedezeka mpaka pachigongono.

"Mwamva?"

"Ndamva."

"Mwamva chifukwa kachotupa kagwedezeka. Ndikamenya benchi mwamphamvu mumvanso. Tilembe mzere pa benchi?"

NyaChirambo anatola kabotolo kake n'kukabwezeranso pomwepo.

"Ndiye ndanena zoona," anatero. "Vuto lili m'chotupamo. Titeme."

"M'chotupamo mungakhale muli mtsempha weniweniwo, ankhazi. Sindikudziwa, sindine dokotala. Koma ngati ulimo, lumo lanu liudula kachiwiri. Nsalu yosokedwa kawiri mwanena ndinu."

NyaChirambo anatembenukira kwa mlongo wake. "Tamumvani mwanayu, adumbu. Pakamwa ngati mayi ake."

A Chirambo anatsitsa mkono wa malaya. Analimbana ndi batani, kenako analisiya.

"Walu, mvera," anatero motsitsa mawu. "Ukuganiza kuti sindimadziwa kuti tchizulo ndi cholemera kuposa pensulo? Ndakhala ndikugwira zida usanabadwe. Mayi wa achule uja ndinakumana naye pamsika. Anandiuza za sabata yamawa, ndi kuti ukachita bwino akusunga chaka chonse, ndipo ukadzafuna malo ku yunivesite adzakulankhulira. Ine zala izi ndazigwiritsa ntchito moyo wanga wonse. Zamanga nyumba ino, zakulipirira sukulu, zinakhoma bokosi la mayi ako. Zikafuna kupuma zipume. Koma khomo likatseguka kwa mwana wa kalipentala silitseguka kawiri. Ndaona atsikana ambiri muno m'Lupaso amene anati ndingothandiza kunyumba chaka chino chokha. Pita ukawaone. Ali pa mpopi, mwana kumsana. Ine ndapanga zitseko za mahositelo a ana a eni ake mpaka ndatopa. Ndikufuna wanga adzalowe pa chimodzi."

"Ndidzalowa."

"Udzalowa bwanji utataya malo?"

"Mayeso ndinalemba ndekha, sanandilembere achule. Achule adzaikiranso mazira mvula ya chaka chamawa. Mnofu wa chala chanucho sudikira chaka chamawa. Ndipo mukakhala chonchi, ndani azigwira msomali? Ndine. Chaka chino, chaka chamawa, mpaka kalekale. Mukuti mukundimasula, koma mukundikhomera pa benchi lino."

A Chirambo anatola puleni. "Zitseko sizidzipanga zokha," anatero, n'kuyambanso kupala.

5. Chikwama

Mvula itakata NyaChirambo anatsanzika. Lumo ndi kabotolo anazisiya pa zenera la shedi, kuti asadzavutike kunyamulanso. A Chirambo anavala jekete kuti amuperekeze mpaka kumsewu kokwerera kabaza. Ndi miyendo ya NyaChirambo, ulendo umenewo sunali waufupi.

Walusungu anaimba foni.

"Adokotala, phunzitsani wina."

"Akutuma adada ako, kapena ankhazi ako?"

"Onse awiri akukana. Ndasankha ndekha."

"Ndamva. Sindikulonjeza kanthu, Walusungu. Ukabwerako udzabwere udzandiuze zimene akapeze m'chotupamo. Ndikufuna kudziwa. Wende makora."

"Yewo chomene."

Anatulutsa chikwama chachikulu cha mizeremizere pansi pa bedi n'kuchikuntha fumbi. Anaikamo zitenje ziwiri, chogonera ndi chofunda. Anaikamo kapoto, mbale, sopo, ufa m'jumbo ndi kathumba ka makala, kuti asadzafunsidwe ndi munthu ngati akwanira. Malaya a bambo ake anasankha opanda mabatani. Buku la Bayoloji analiika, n'kulichotsa, n'kuliikanso.

Kenako anapita ku shedi. Puleni inali pa benchi, itagonekedwa cham'mbali monga ankaisiyira mwini wake nthawi zonse. Inali imodzi yokhayo, yakale, ya agogo ake. Walusungu anamasula chotsekera chake monga anaonera kambirimbiri, mpeni wake n'kutuluka. Anaukulunga m'nsanza n'kuulowetsa pansi penipeni pa chikwama, pansi pa kapoto. Puleni anaibwezera pamalo pake. Lumo la ankhazi sanalikhudze.

A Chirambo anabwerera kusanade. Sanalowe m'nyumba. Anapita ku shedi, anavula jekete, anatola puleni n'kuikankha pa thabwa. Inangotsetsereka osatulutsa kanthu. Anaikankhanso. Kenako anaitembenuza n'kuyang'ana pansi pake.

"Walu."

"Adada."

"Mpeni uli kuti?"

Walusungu anaima pakhomo la shedi, chikwama chili m'manja.

"Ukupita ku Lilongwe ndi basi ya m'mawa. Ine ndikuuperekeza. Mukaufuna, mpando wa pambali panga ulipo."

"Ukudziwa kuti ndikhoza kukulanda?"

"Ndi dzanja liti?"

A Chirambo anamuyang'ana nthawi yaitali. Pakamwa pawo panagwedezeka ngati munthu wofuna kuseka amene wakumbukira kuti wakwiya. Anakhala pa benchi n'kupinda malaya. Mzere wa m'mawa uja unali ukuonekabe pafupi ndi povalira wotchi. Ananyowetsa chala cha dzanja lamanzere ndi malovu n'kuufufuta pang'onopang'ono mpaka khungu linayera.

Sananene kuti apita. Sananenenso kuti sapita. Anayang'ana pa zenera pamene panali lumo ndi kabotolo.

"Ankhazi ako akati kukangocha, ndiye kuti kukangocha. Basi imanyamuka iwo atafika kale."

"Ndikudziwa."

"Ine mlongo wanga wamkulu sindinamukanirepo chibadwire."

"Mawa simulankhula ndinu, adada."

Walusungu analowa m'nyumba, anakoka zipi mpaka kumapeto, n'kumanga chikwamacho ndi chingwe cha khonje kuti chisaphulike. Sanachiike kuchipinda. Anachigoneka chopingasa pakhomo lakumaso, pamene aliyense wofuna kulowa kapena kutuluka m'mawa adzayenera kuyamba walankhula naye.